Pabwalo Pamene Aliyense Anali Gonthi

Masiku ano a Kwaya amadzukabe nthawi imene ankadzuka ali pantchito, ngakhale kulibe kumene akuwayembekezera. Amasamba, amapesa timvi tawo, amalowetsa m'khutu kachipangizo kothandiza kumva kamene amakazimitsa mkazi wawo akayamba nkhani ya denga, kenaka amakhala pakhonde n'kumayang'ana mpanda wa waya kutsidya kwa msewu. Kuseri kwa mpandawo kuli bwalo la ndege, laling'ono ndithu, la msewu umodzi woterapo ndi nyumba imodzi yoyembekezeramo. Kumeneko anagwirako ntchito zaka makumi atatu ndi zitatu. Munthu akawafunsa kuti ankagwira ntchito yanji amangoti ankaimika ndege, ndipo wofunsayo amaseka poganiza kuti mkuluyo ndi wanthabwala.

Si nthabwala ayi. Woyendetsa ndege akatera saona matayala ake, saona nsonga za mapiko, ndiye pamafunika munthu woima kutsogolo ndi ndodo ziwiri zofiira n'kumamuuza ndi manja kuti bwera, khota, chepetsa, ima. Ndege ikaima, munthu yemweyo amatola zipika ziwiri zolumikizidwa ndi chingwe n'kukatchinga matayala kuti isagubuduke. Ntchito yonse ndi imeneyo. Dzina la Kwaya anawapatsa anzawo chaka choyamba chimene anagwira ndodo, chifukwa ena onse ankangokupiza ndodozo ngati akuingitsa nkhuku, pamene iwo ankakweza manja mwaulemu, chifuwa patsogolo, ngati akutsogolera nyimbo m'tchalitchi chodzaza. Pakamwa pawo sipanatulukepo nyimbo yoti munthu n'kuimirira kumvetsera, koma dzinalo linakanirira, moti ngakhale mkazi wawo amawatchula choncho akapsa mtima.

Analowa pabwalopo ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ntchito yake yoponya masutikesi m'mimba mwa ndege. Ndege za nthawi imeneyo zinali ndi ukali wake. Ikamayandikira pamalo oimikira, magalasi a nyumba yoyembekezera ankanjenjemera, makapu ankayenda okha patebulo, ndipo amene wayiwala kugwira chipewa ankakachitola kumpanda. Fungo la mafuta ake, lofanana ndi la palafini, linkalowa m'malaya, m'tsitsi, mpaka m'buledi wa nkhomaliro. Zotseka m'makutu zinalipo zitatu pa anthu khumi, ndipo anyamata ankaona ngati kuvala zimenezo ndi mantha. Ankangotsekera kathonje, n'kumati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Uchitsiru wa paunyamata umakoma ukamachitika, ndipo a Kwaya akamaukumbukira amamwetulirabe ngakhale akudziwa chimene unawalanda.

M'phokoso limenelo pakamwa panalibe ntchito. Buku la malamulo linali ndi zizindikiro za manja zokwana makumi awiri okha, koma anthu a pabwalo anazichulukitsa mpaka zinasanduka chiyankhulo chathunthu. Panali chizindikiro cha tiyi, cha bwana akubwera, cha woyendetsa uyu ndi watsopano samalani, cha mkazi wako waimba lamya ndipo sakuseka. A Kwaya ndi mnzawo wothira mafuta, amene onse ankamuti a Palafini, ankatha kukangana za mpira ataima motalikirana, ndege ikubangula pakati pawo, mpaka wina n'kukwiya zenizeni osatsegula pakamwa. Tsiku limene mwana wawo woyamba anabadwa, a Kwaya anauza a Palafini pansi pa phiko kuti ndi mtsikana, ngwonenepa, mayi ake ali bwino, ndipo a Palafini anavina atagwira paipi ya mafuta. A Kwaya amati m'moyo wawo sanachezepo bwino ndi anthu ngati mmene ankachezera pamenepo.

Injini ankaidziwa ndi thupi. Ikamalira ankaimva m'nthiti, m'mano ndi m'zidendene, ndipo ikamazima kunjenjemerako kunkatsika pang'onopang'ono kuchoka pachifuwa kupita m'mawondo mpaka zii. Pamenepo ndi pamene ankawerama kutola zipika. Lamulo linkati munthu adikire kuti kanyale kofiira kapansi pa ndege kasiye kuphethira, koma masana dzuwa likaswa mtengo kanyaleko sikaoneka, nanga munthu angamasuzumire nyale nthiti zake zikumuuza zoona? Zaka zonsezo sanakandepo phiko, sanaphwanyepo chala cha munthu. Oyendetsa ndege akawaona ataima pamzere ankamasula mapewa.

Makutu anachoka mwakachetechete, ngati mlendo wosatsanzika. Poyamba a Kwaya anangoona kuti nkhululu zasiya kulira, ndipo anati ndi mankhwala amene anthu akupopera m'minda masiku ano. Kenaka ketulo inasiya kuimba mluzu. Kenaka mawu a mkazi wawo anayamba kumveka ngati akuchokera m'chipinda china. Anaphunzira kuwerenga milomo osadziwa kuti akuphunzira. Paukwati ankaseka ena akaseka, pamaliro ankagwedeza mutu, ndipo kunyumba ankakhala pampando woyang'anizana ndi khomo kuti munthu asawayankhule kumbuyo. Mkazi wawo anazindikira msanga, poti mkazi amene wakhala nawe zaka makumi atatu sungamubisire ngakhale chipere. Anawachonderera kuti apite kwa dokotala, anawanyengerera, anawakalipira, koma iwo anakana kwamtuwagalu, chifukwa ankadziwa kuti munthu wosamva saloledwa kuponda pabwalo la ndege.

Chaka chilichonse antchito ankawayeza makutu. Munthu ankalowa m'kachipinda ka galasi, n'kuvala zomvera, n'kumadina batani akamva kulira. A Kwaya anapeza kuti namwino akamatumiza kuliraku phewa lake limatsika pang'ono, ndiye ankayang'ana phewalo, kuwerenga kamodzi mumtima, n'kudina. Zaka zisanu ndi ziwiri anapambana mayeso ndi phewa la namwino. Ankatuluka m'chipindamo ali ndi manyazi, chifukwa sanali munthu wabodza, komabe chaka chotsatira ankachitanso zomwezo. Chimene ankaopa si kukhala pakhomo chabe ayi. Kunja kwa mpanda anali nkhalamba yongomwetulira, yoyankha zosiyana ndi funso. M'kati mwa mpanda aliyense anali gonthi, ndipo pakati pa agonthi onsewo woyankhula bwino kuposa onse anali iwo. Kuwachotsa pamenepo kunali kuwachotsa pamalo okhawo amene anali akadali munthu wathunthu.

Kenaka kunabwera mbiri ya ndege yatsopano, yoyendera mafuta ndi magetsi pamodzi. Antchito anaitanidwa m'chipinda chophunzirira, ndipo mphunzitsi wochokera kukampani anajambula pabolodi mmene imagwirira ntchito. Mapulopela, zopukusa mphepo zija za pamapiko, amazunguliridwa ndi mota za magetsi. Ponyamuka, pamene ndege imafuna mphamvu zambiri, mabatire ndi injini ya mafuta zimathandizana. Ikakhala m'mwamba injini imagwira mofatsa n'kumadzaza mabatire, ndipo ikatera injiniyo imazimitsidwa, ndege n'kumayenda pansi ndi magetsi okha. Mafuta ochepa, utsi wochepa, phokoso lochepa. Zonsezi a Kwaya anazikopera m'kope lawo ndi zilembo zaukhondo, chifukwa zinali pabolodi.

Tsoka lake, mphunzitsiyo anali wa aja oyankhula akulemba, nkhope kubolodi, msana kwa anthu. Zofunika kwambiri anazinena atafulatira. Ananena kuti pulopela ya magetsi ikaima sindiye kuti yafa, imatha kuyambanso nthawi iliyonse popanda kuchenjeza, choncho munthu asayandikire mpaka woyendetsa atauza kapitawo pawailesi, kapitawo n'kufuula kuti yazima. A Kwaya anaona nsagwada ya mphunzitsi ikugwedera, anaona anzawo akugwedeza mitu, nawonso anagwedeza. Mphunzitsi atafunsa ngati pali funso, iwo anali oyamba kutseka kope. Safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu ankaudziwa bwino chifukwa ankakonda kuunena kwa ena.

Tsiku limene ndegeyo inafika koyamba anthu onse anatuluka, ngakhale amayi osesa m'nyumba yoyembekezera. Inali yoyera, yocheperapo, ya mapiko aatali. Inatera, inakhota, n'kumabwera kwa a Kwaya ngati ikukankhidwa ndi manja. Iwo anakweza ndodo monga mwa masiku onse, akudikira kuti chifuwa chiyambe kunjenjemera, koma sichinanjenjemere. Atacheuka anaona chinthu chimene sanachionepo pabwalopo chiyambire. Anzawo anali atatsitsa zotseka m'makutu, zili lendelende m'khosi, ndipo ankayankhulana pakamwa, ndege ikuyenda. Wina ananena kanthu, onse anaseka, ndipo a Kwaya anaseka nawo mochedwa pang'ono monga ankachitira paukwati. Madzulo ake ndegeyo inali italandira kale dzina lakuti Kachetechete.

Kunena chilungamo, inali ndege yabwino, ndipo a Kwaya sanakanepo zimenezo. Mkazi wawo anayamba kuyanika zovala zoyera panja osaopa mwaye. Aphunzitsi a pasukulu ya kuseri kwa mpanda anasiya kuima pakati pa chiganizo kudikira kuti ndege idutse. A Palafini, amene chifuwa chinkawasowetsa tulo chaka ndi chaka, anapatsidwa ntchito yokoka ngolo ya chingwe chodzazira mabatire, ndipo anayamba kunenepa. Patapita miyezi iwiri kampani inachotsa ndege zakale pa ulendo umenewo n'kusiya za mtundu wa Kachetechete zokhazokha. Chimene chinawawawa a Kwaya ndi kufulumira kwa imfa ya chiyankhulo cha manja. Anthu ndi aulesi, pakamwa pakangoyamba kugwira ntchito manja amalowa m'thumba. Tsiku lina anapangira mnzawo wina chizindikiro cha tiyi, iye n'kuwayankha ndi mawu akuyang'ana kumbali.

Mawu akuti yazima a Kwaya sanawamvepo ngakhale kamodzi, koma anazindikira kuti anthu akumadikira chinachake. Ndiye anapeza njira ina. Ankayang'ana majombo a a Palafini, ndipo majombowo akasuntha iwo ankatola zipika. A Palafini ankadziwa zonse kuyambira kalekale. Sananenepo kanthu, ngakhale kwa mkazi wawo, koma kapitawo akafuula ankayamba aponda kaye pansi kawiri mokokomeza ngati akukutumula matope, kenaka n'kukoka ngolo. Anthu ankawaseka kuti ukalamba wayamba kuwavinitsa. Zinayenda choncho miyezi inayi, ndipo a Kwaya anayamba kukhulupirira kuti adzamaliza zaka ziwiri zimene zinatsala kuti apume.

Kapitawo anali mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, wamfupi, wosakonda zocheza pantchito. Ndodo zofiira anamuphunzitsa kugwira ndi a Kwaya omwewo atangolembedwa kumene, ndipo ngakhale anadzawapitirira udindo sanasiye kuwatchula kuti bambo. Lachinayi lina m'mawa anasonkhanitsa anthu n'kuwauza kuti chingwe chachitali cha magetsi chapita kokakonzedwa, chatsala chachifupi, choncho ndege iimikidwe pamzere wachiwiri osati woyamba. Ananena izi akuyang'ana papepala, mutu uli pansi. A Palafini tsiku limenelo kunalibe, anali ataperekeza mwana wawo kuchipatala, ndipo ngolo inali m'manja mwa munthu wina wa majombo osanena kanthu.

Ndege inafika masana dzuwa lili pamutu. A Kwaya anaitsogolera bwinobwino mpaka pamzere woyamba, pamene ankaimika ndege zaka zonse, n'kupingasa ndodo. Inaima. Mapulopela anaima nji, osachita kuzungulira mwaulesi monga ankachitira akale aja. A Kwaya anayang'ana kungolo, sanaone chowathandiza, ndiye anafunsa nthiti zawo, ndipo nthiti zinati zii. Nthawi yomweyo kapitawo, ataona kuti chingwe sichifika, anali akuuza woyendetsa pawailesi kuti asendeze ndege pang'ono. Anafuula kuti bambo dikirani isunthe kaye. Anafuulanso kachiwiri, anthu onse pabwalo anamva, koma mkulu uja anali atawerama kale, zipika m'manja, akulunjika kutayala la pansi pa phiko kumene woyendetsa sakanatha kumuona.

Chimene a Kwaya amakumbukira ndi kukokedwa kolala mwamphamvu mpaka kugwa chagada pakonkire yotentha, munthu wina atagwera pamwamba pawo. Kenaka mphepo kumaso. Pulopela inali itayamba popanda ngakhale kutsokomola. Zipika zimene zinawapulumuka m'manja zinalowa mmenemo, chimodzi chinang'ambika pakati, ndipo kachidutswa kake kanamucheka kapitawo pamphumi, pamwamba penipeni pa diso. Woyendetsa anazimitsa zonse. A Kwaya atadzuka anaona anthu akuthamanga, pakamwa pali yasa, magazi akutsikira pamalaya a mayi uja, ndipo zonsezo zinkachitika popanda phokoso lililonse. Sanachitepo mantha ngati tsiku limenelo, ndipo mantha ake sanali a moyo wawo.

Ndegeyo sinanyamukenso, inadikira amakaniko kuti aone pulopela. Cha m'ma 2 koloko kapitawo anabwerako kosokedwa, pamphumi pali bandeji, ndipo anaitanitsa a Kwaya kuofesi. Kaofesiko kanali kopanikiza, tebulo limodzi, mipando iwiri, kalendala ya chaka chatha ndi mawailesi ali pamoto pakona. Pepala la lipoti linali patebulo, losalembedwa. Kapitawo sanakalipe. Anawapatsa mpando, iye n'kupita pazenera, n'kuyamba kuyankhula akuyang'ana panja. A Kwaya ankaona mapewa ake ndi kansonga ka nsagwada kakugwedera. Ankadziwa chochita, poti anali atachichita kambirimbiri. Kudikira kuti nsagwada iime, kuweramitsa mutu, n'kunena kuti ndamva, sizidzachitikanso. Nsagwada inaima. Iwo anayang'ana mfundo ya bandeji kunkhongo kwa mayiyo, yomangidwa mopotoka.

"Kapitawo, tembenukani," anatero. "Mukayankhula mutandifulatira sindimva kanthu. Ngakhale pabwalo paja sindinakumveni."

Kapitawo anatembenuka n'kuwayang'ana. Kenaka anakoka mpando, anakhala pafupi, n'kufunsa pang'onopang'ono kuti zinayamba liti. Anamuuza kuti papita zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo poti anali atayamba kale anamuuzanso za phewa la namwino ndi za majombo, koma anachita kutsindika kuti mwini majombo sankadziwa kanthu. Limenelo linali bodza lawo lomaliza pantchito.

"Mukudziwa zimene ndimanena pazenera paja, bambo?" anafunsa kapitawo. "Ndimati m'lipoti ndilemba kuti kulakwa ndi kwanga. Ndinasendeza ndege ndisanaone kumene inu muli, ndipo ndi zoona. Ndikhoza kulembabe choncho. Zinazi sindinazimve, nanenso makutu anga amavuta."

A Kwaya anamvetsa mawu onse, poti ananenedwa pamaso pawo. Khomo linali lotsegula, zaka ziwiri zija zinali pomwepo patebulo, ndipo mtima wawo unazifuna kwambiri. Koma bandeji inali itayamba kufiira pakati, chala chimodzi chokha kuchokera padiso.

"Ayi, mwanangu," anatero. "Lero mwandikoka. Mawa adzandikoka wina wosathamanga ngati inu. Lembani zonse, muyambe ndi makutu."

Kapitawo analemba akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, ndipo iwo anasaina. Anavula chovala chowala chija, anachipinda bwino, anaika ndodo zofiira pamwamba pake pamodzi ndi chiphaso cholowera. Anapempha kuti atulukire pageti la kumbuyo, la magalimoto a zinyalala, chifukwa analibe mphamvu zoonana ndi anzawo. Mlonda wa pagetipo anawauza kanthu kena akuseka, ndipo kwa nthawi yoyamba a Kwaya sanaseke nawo, anangoloza khutu lawo n'kupukusa mutu.

Anafika kunyumba nthawi imene sanafikepo chiyambire, dzuwa likadali pamwamba. Mkazi wawo anali kukhitchini akutsuka mbale pampopi. Atawaona pakhomo opanda chovala cha kuntchito anasiya mbale ili ndi thovu, n'kufunsa ngati avulala. A Kwaya anati ayi, sanavulale. Anakhala pampando wa pafupi ndi chitofu, anavula nsapato imodzi, inayo anaiyiwala.

"Ndawauza, amayi," anatero. "Ndawauza ndekha."

Mkazi wawo anali atadikira mawu amenewo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anali atakonzeratu zambiri zoti adzanene tsikulo likadzafika, zina zokoma, zina zobaya. Anangoti mwachita bwino, bambo, ndipo anabwereza kachiwiri kuti aone milomo. A Kwaya anavomera ndi mutu. Anayang'ana manja awo ali pamaondo, akuluakulu, opserera ndi dzuwa, kenaka anakweza maso ali ndi misozi imene sanayese kuibisa.

"Nanga tsopano ndizicheza ndi ndani?"

Mkazi wawo anachoka pampopi. Anapukuta manja pachovala chake, anakoka mpando wina n'kuuika moyang'anizana ndi wa mwamuna wake, pafupi mpaka maondo kugundana, n'kukhala. Madzi anali akutayikabe pampopi, koma sanadzuke kukatseka.